Mwana Wathu Wosasokosa

Mwana wathu anabadwira ku Doha. Ine ndinali dalaivala wa basi yonyamula antchito a hotela ina ku West Bay, ndipo mkazi wanga ankachapa ndi kusita nsalu za hotela yomweyo. Tinakwatirana mochedwa, ine imvi zitayamba kale, ndipo mwanayo anabwera titasiya kumuyembekezera. Za mapepala ake sindinena zambiri. Zinavuta, koma zinatheka.

Tinkakhala m'nyumba yaikulu imene mwini wake anaigawa ndi mathabwa kukhala tizipinda. Kuno amati patishoni. Kachipinda kathu kanali chigawo cha pabalaza pakale. Thabwa lotilekanitsa ndi mnzathu silinkafika kudenga, panali mpata wolowa dzanja. Munthu akatembenuka pabedi kuseri kuja, ife tinkamva.

Kuseriko kunkagona mlonda wochokera ku Nepal, wogwira ntchito usiku. Ankafika m'mawa maso ali psu, n'kugona mpaka madzulo. Sanali munthu woipa. Mwana ali wakhanda, mlondayo ankapirira, ndipo tsiku lina anatibweretsera paketi ya matewera. Koma mwana atayamba kukwawa ndi kumenya mbale, mlondayo anayamba kugogoda thabwa. Kenaka anakadandaula kwa woyang'anira nyumba. Ameneyo anabwera n'kutiuza ali chiimire pakhomo kuti nyumbayi si ya ana, anangotilola mwachifundo, ndipo dandaulo likabweranso ndiye khalasi, zathera pomwepo, tisamuke. Tinafufuza kwina. Kumene ankalola ana kunali kwa anthu a malipiro ena, osati ife. Kwinako akangomva za mwana ankadula foni.

Choncho tinaphunzira kukhala chete. Kuntchito tinapempha mashifiti osiyana kuti mwana asamakhale yekha. Mayi ake ankapita m'mawa, ine masana. Ndiye kuti nthawi yambiri imene mlonda ankagona, mwana ankakhala ndi ine.

Miyendo ya mpando ndinaiveka masokosi. Mbale ndi masipuni tinagula zapulasitiki. Kagalimoto kake kolira ndinakachotsa mabatire. Makatuni ankaonera pafoni yanga voliyumu ili pansi, nyama zikungotsegula pakamwa. Akayamba kulira ndinkathamanga naye kubafa n'kutsegula mpopi kuti madzi aphimbe mawu. Nyengo yozizira ndinkatuluka naye panja, koma miyezi yotentha panja sipapondeka, ndipo mwana sungamutulutse. Ndinkaika chala pamlomo n'kumunong'oneza kuti amalume akugona.

Anaphunzira msanga. Asanakwanitse zaka ziwiri ankayenda monyang'ama ndi zala zakuphazi. Akafuna madzi ankandikoka buluku n'kuloza botolo. Ankaseka pakamwa pali yasa, mapewa akugwedezeka, mawu osatuluka. Kugogoda kuja kunatha. Woyang'anira nyumba atakumana nane pageti anandiuza kuti ankaganiza kuti mwana tinamutumiza kumudzi. Ndinakamuuza mkazi wanga, ndipo tonse tinanyadira.

Amene anatidzutsa ndi nesi wa kusikelo, mayi wachimwenye wonenepa. Atamuyeza msinkhu anatifunsa mawu amene mwana amatha kutchula. Tinayang'anizana. Ndinati amamva zonse, mukamuuza kuti atenge nsapato amatenga. Nesiyo anati sanafunse zimenezo. Anamuyeza makutu, anali bwino. Anatifunsa ngati timalankhula naye, ngati timamuimbira, ngati amasewera ndi ana anzake. Mkazi wanga anati timalankhula naye ndithu, koma motsitsa. Nesi anati pamsinkhu umenewu mwana amayenera kukhala akutitopetsa ndi mawu, ndipo tikachedwa zidzavuta kukonza. Anati tizipita naye kumene ana amakuwa.

Tsiku lomwelo ndinayambitsa nkhani yomutumiza kwa apongozi anga ku Ntcheu, kumene kuli ana a alamu anga ndi bwalo lalikulu. Tinakambirana monong'ona, chifukwa mlonda anali asanadzuke.

"Bambo a mwana," anatero mkazi wanga, "ndinadikira zaka zonse zija kuti ndizimuonera pafoni?"

Nanenso sindinkafuna kuti apite.

Za masewera a bezibolo ndinazimva kwa makanika wa mabasi athu, bambo wa ku Philippines wokonda nthabwala. Ndinamufotokozera vuto langa tsiku lina akusintha tayala. Iye anati ngati ndikufuna phokoso laulere ndibwere Lachisanu, iye ndi anzake amasewera pabwalo lina kunja kwa tauni nyengo yozizira yonse, ndipo akazi awo amakuwa kuposa injini ya basi yanga.

Lachisanu lotsatira tinakwera sitima ya metiro, kenaka basi, kenaka tinayenda wapansi. Bwalolo linali la udzu weniweni wothiriridwa, lotchingidwa ndi waya, ndipo pambali panali mabenchi achitsulo okwera ngati masitepe. Masewerawo mpaka lero sindiwamvetsa bwino. Wina amaponya kampira kolimba, wina amakamenya ndi chibonga n'kuthamanga mozungulira, ena amakawakha ndi chigulovu chachikulu. Zinandikumbutsa fulaye amene alongo anga ankasewera, kungoti uku ndi azibambo a mimba zawo atavala zipewa. Nthawi yambiri sipachitika kanthu. Kenaka mwadzidzidzi bwalo lonse limaphulika.

Mwana anali asanapondepo udzu. Nditamuvula nsapato n'kumuimika, anakweza phazi limodzi, kenaka linalo, n'kundigwira khosi. Tinakhala naye pabenchi. Azimayi anali ndi mapoto a mpunga ndi zakudya zina, komanso mabotolo oikamo timiyala. Wina atamenya kampira mpaka kuseri kwa waya, onse anaimirira, kukuwa, kugwedeza mabotolo, kupondaponda zitsulo. Mwana wanga anatsika pamiyendo panga. Anatembenukira anthu onsewo, n'kuika chala pamlomo. Kenaka anayang'ana ine kuti aone ngati wachita bwino.

Azimayi aja anafa nazo kuseka. Ena anatulutsa mafoni kumujambula, n'kumamupempha kuti achitenso. Nanenso ndinaseka nawo, chifukwa panalibe china choti ndichite pamaso pa anthu. Mkazi wanga anayang'ana kumbali.

Tinkapita Lachisanu lililonse. Mayi ake akakhala pantchito ndinkapita naye ndekha, chikwama cha matewera kumsana. Ine si munthu wokuwa, ngakhale kumpira kwathu ndinkaonera nditapinda manja. Koma kumeneko ndinkadzikakamiza kuti mwana aone kuti n'zololedwa. Ndinkakuwa ndikaona chibonga chagwedezeka, osadziwa kuti zabwino kapena zoipa. Makanika uja tsiku lina anabwera kuwaya thukuta lili kamukamu.

"Mkulu, ine ndaphonya katatu, iwe ukundiombera m'manja. Akulipira angati a timu inayo?"

Mwana ankandiyang'ana pakamwa ndikamakuwa. Nthawi zina ankandigwira pakhosi kuti amve kunjenjemerako. Iye osayesa.

Zina zinasintha. Udzu anauzolowera, ndipo ankathamanga m'mbali mwa waya mpaka kugwa. Ankatsatira ana a anzathuwo, iwo akukuwa m'chinenero chawo, iye pambuyo ali duu. Makanika anamupatsa kampira kakale kosoka ndi ulusi wofiira. Kunyumba ankakagubuduza pamatiresi pokha, chifukwa anadziwa yekha kuti pansi kamalira. Tsiku lina pabwalo, kampirako katamupulumuka, anatulutsa kamawu kamodzi, kafupi ngati ntchentche yadutsa. Mkazi wanga anakagwiritsitsa kamawu kameneko sabata yonse. Ankati mwaona, wayamba, ana aamuna amachedwa, mchimwene wanga nayenso anachedwa koma lero ndi mlaliki. Ine ndinkawerengera kuti kuzizira kukutha. Kutentha kukabwera masewera amaima, ndipo tibwerera m'kachipinda kaja miyezi yambiri.

Lachisanu limene ndikufuna kunena linali chakumapeto kwa nyengoyo. Kunali kamphepo ka fumbi ndipo anthu anali ochepa. Tonse awiri tinali pa ofu. Tinakhala pabenchi yachitatu kuchokera pansi, mwana pakati pathu akudya bisiketi. Ndinayambitsanso za ku Ntcheu. Kubwalo kuja ndi kumene ife tinkatha kukangana ndi mawu athu enieni, ndipo tinali ndi zambiri zosungidwa. Mkazi wanga anati ndikufuna kutaya mwana ngati katundu wolemera. Ine ndinati amene akumutaya ndi iye, pomusunga m'bokosi. Anati amayi ake ndi okalamba, maso sakuona bwino, mwana adzagwera pamoto. Ndinati kuli alamu. Anati alamuwo ana awo omwe akuwalephera. Tinapitiriza choncho, aliyense atatembenukira mnzake, bwalo likuchita zake.

Amene anazindikira ndi mkazi wanga. Pakati pathu panali bisiketi yokha.

Ndinathamangira kuwaya, iye kugeti. Tinafunsa ana, palibe anamuona. Ndinayang'ana kumene kumaima magalimoto. Pobwerera ndinawerama kusuzumira kunsi kwa mabenchi, ndipo anali komweko, pansi penipeni pa pamene tinakhala. Anapulumukira pampata wa pakati pa zitsulo n'kugwera pansi. Anakhala pasimenti pakati pa mabotolo otayidwa. Mlomo wam'munsi unang'ambika, dzino limodzi linapindikira m'kati, malaya onse magazi. Misozi inkatsika. Manja onse awiri anali atatseka pakamwa, ndipo chifuwa chinkakwera ndi kutsika. Sindikudziwa kuti anakhalapo nthawi yaitali bwanji. Magazi a pachibwano anali atayamba kuuma. Ife tinali pamwamba pake, mapazi athu ankawaona.

Ndinamukoka n'kumutulutsa. Anthu anasonkhana. Mkazi wa makanika anabwera ndi ayezi m'kansalu, n'kumamupukuta mosamala. Ananena ndi mtima wabwino, akumusisita mutu, kuti mwana wolimba chonchi sanamuonepo, wake akanagwa chonchi bwenzi masewera ataima. Ena anavomereza. Anatiyamikira kuti timalera bwino.

Mkazi wanga anamulanda mwanayo n'kukhala naye pansi pa udzu. Anamuchotsa manja pakamwa n'kuwagwira.

"Lira, mwanawe. Lira, amayi ali pano."

Mwana anayang'ana ine. Ndinagwedeza mutu kumulola. Anatsegula pakamwa, magazi n'kuyambanso, koma chimene chinatuluka ndi mpweya wokha.

Makanika anatitengera kuchipatala pagalimoto yake atavala yunifomu ya masewera. Kumeneko mwana anamusoka mlomo. Dokotala anati dzinolo ndi la mkaka, tisadandaule. Pobwerera tinakwera metiro. Titatsika metiro, tisanakhote kulowa mumsewu wa kwathu, mkazi wanga anaima. Mwana anali atagona kumsana kwake.

"Kwa amayi apita," anatero. "Koma sapita yekha."

Ndinamukumbutsa za ntchito yake, ndi mmene tinavutikira kuti tikhale pamodzi m'dziko lino. Anati zonsezo akuzidziwa. Kenaka ndinafunsa funso limene mwamuna wamsinkhu wanga safunsa. Ndinati nanga ine.

"Inu ndinu aakulu, bambo a mwana. Chikakupwetekani mumatha kunena."

Anapereka notisi sabata yomweyo. Masiku otsalawo tinkapita ndi mwana ku Corniche madzulo, kukayenda m'mbali mwa madzi, iye pamapewa panga atandigwira makutu. Kubezibolo sitinabwerereko. Tsiku lonyamuka, mlonda uja anadzuka masana, zimene sankachita, n'kutithandiza kunyamula masutikesi mpaka pa takisi. Anamupatsa mwana chokoleti. Takisi isananyamuke anandikokera pambali n'kundifunsa ngati akupita chifukwa cha iye. Ndinati ayi. Anandiuza kuti naye ali ndi ana aakazi awiri kwawo, wamng'onoyo sanamunyamulepo.

Kachipinda kaja ndinakabweza. Ndinasamukira kunyumba za kampani, kumene timagona azibambo anayi m'chipinda chimodzi.

Nkhani za ku Ntcheu zinkabwera pang'onopang'ono. Masabata oyamba mwana ankathawa azisuweni ake n'kukabisala kuseri kwa chitseko. Tambala akalira ankatseka maso. Apongozi ankati mwana ameneyu anamuchita chipongwe anthu a kunjako, ndipo ankafuna kupita naye kwa asing'anga, koma mkazi wanga anakana. Anapita naye kuchipatala cha boma, kumene anamuuza zomwe zija za nesi wachimwenye. Mvula itayamba anayamba kutsatira anzake kudimba. Mkazi wanga ankati amamumva akung'ung'udza yekha, koma akamuyandikira amasiya.

Uthenga wa mawu unafika ndili pamalo oimikapo mabasi, ndikudikira a shifiti yamasana. Mkazi wanga sanalembe kanthu, anangotumiza. Ndinatseka zitseko za basi n'kutsegula. Munali mphepo, mbuzi, ana akulimbirana chinachake. Kenaka mawu amene sindinkawadziwa, okhuthala ndi osasa ngati a munthu wamkulu, anati, "Siya. Wanga mzimbe." Wina analira, ndipo uthenga unathera pomwepo.

Ndinamuimbira kufunsa kuti wanena zimenezo ndi mwana wa ndani. Anati ndi wanu.

Mawu ake akadali ochepa poyerekeza ndi anzake, ndipo ena amawameza. A kuchipatala akuti tipitirize, asasinthenso malo. Mkazi wanga akuti sabwerera kuno, ndipo ine sindinamupemphe. Mwezi watha a kuofesi anandiitana kundifunsa ngati ndikuwonjezera kontirakiti kapena ndikupita kwathu. Kumudzi kulibe basi yondidikira, ndipo tsopano pakamwa podya pali patatu pa dzanja limodzi. Ndinasaina.