Thabwa la Amalume Zeka

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene amalume anga a Zeka anabwerera kwathu kwa Mbenje kuchokera ku Beira. Anali mlongo wawo wa amayi, ndipo anakhala kunyanja yamchereko kuyambira ine ndisanabadwe, akugwira ntchito pamalo pomwe alendo ankabwereka matabwa oyendera pamadzi ndi mphepo. Namondwe ataphwasula malowo, ntchito inatha. Anafika ndi chikwama cha zovala ndi thabwa limodzi lakale lomwe abwana awo analitaya.

Thabwalo silinali la mtengo. Linali la pulasitiki wolimba, woyera kale koma atayamba chikasu. Akaliimika linkawapitirira ndi mkono umodzi, ndipo m'lifupi silinkakwana ngakhale chitseko cha nyumba. Kumbuyo linali lowonda, kunsi kwake kuli chipsepse chonga cha nsomba, pamwamba pali malamba olowetsamo mapazi. Poliona unkati n'lopepuka, koma linali ndi mng'alu umene unamwa madzi kwa zaka zambiri, moti ine ndi mng'ono wanga tinkachita kulikhwekhwereza. Linali ndi mlongoti wake ndi thanga lofiira la zigamba.

Bambo anga, omwe anali msodzi, analizungulira manja ali kumbuyo.

"Alamu, ukonde mumauika pati pamenepa?"

"Si la nsomba ili, alamu. N'lothamanga," anayankha amalume.

"Kuthamangira kuti?"

Amalume anaseka, koma ndinaona kuti funsolo lawalasa.

Iwo sankadziwa kuponya ukonde, ndipo khasu linkawatupitsa manja. Pa dooko asodzi anawatcha mzungu wa ku Beira. Munthu yekhayo amene ankawamvera ndinali ine. Madzulo ankanditengera ku thamanda losaya kuseri kwa dimba lathu, n'kundiimika pathabwapo popanda thanga. Linkagwedezeka ngati chamoyo. Ndikaponda kumbali linkandigwetsa, ndikabwerera m'mbuyo mphuno yake inkadzuka. Koma poti ndinali wochepa thupi, linkandinyamula. Iwo akakwera, linkamira mpaka madzi kuwafika m'mawondo.

"Ili ndi la akatswiri, Rozina," anandiuza. "Aakulu ngati ine limatinyamula pokhapokha mphepo ikakoka mwamphamvu. Ikaleka, umamira nalo."

Tsiku lina masana kunabwera mwera waukali, wogonetsa bango ndi kudzutsa mafunde pa Shire. Asodzi anali atakokera kumtunda miyadiya yawo, monga timatchulira mabwato kwathu. Wina anawafunsa amalume monyoza ngati chitseko chawo chija chimaopanso mphepo. Amalume anangopita kunyumba, anabwera atasenza thabwa pamutu, akupepesuka nalo, mitsempha itatuluka m'khosi.

Anagwa kangapo pafupi ndi gombe ndipo anthu anaseka. Kenako thanga linakhuta mphepo, thabwa linadzuka m'madzi, ndipo amalume analowetsa mapazi m'malamba n'kupendekera chagada. Sindinaonepo munthu akuyenda pamadzi mwaliwiro lotero. Thabwa lolemera lija linkangokhudza nsonga za mafunde, likulira ngati ng'oma yaing'ono. Kuseka kunatha pa dooko. Pamene ankakhota kutsidya ndinaona mano awo, akumwetulira, ndipo kanali koyamba kuwaona otero chibwerere.

Pobwerera analowa kuseri kwa chilumba cha bango lalitali, kumene mphepo sinkafika. Thanga linafota, thabwa linamira, iwo n'kugwera m'madzi. Aliyense ankadziwa kuti pamchenga wa chilumbacho pamaothera ng'ona. Amayi, omwe ankatsuka pafupi, anakhala pansi m'matope. Bambo anakankhira mwadiya m'mafundemo okha. Ndinaona ng'ona imodzi ikutsetserekera m'madzi bambo asanafike pakati. Anafika akumenya madzi ndi nkhafi, akukuwa, nawakokera amalume m'bwato ndi lamba wa kabudula. Mwadiya unabwera utadzaza madzi theka, thabwa likukokedwa pambuyo.

Atafika pamtunda, maso a amalume anali akuwala. Anandigwira paphewa.

"Waona, Rozina? Ukakula pang'ono, nawenso udzawoloka chonchi."

Ndinavomera ndi mutu, ndipo bambo anaona. Sanakalipe. Anatenga chikwanje m'bwato, anayala thanga lija pamchenga, naling'amba kuchokera pamwamba mpaka pansi, anthu onse akuona.

"Pepani alamu," anatero. "Mwana uyu ndi wanga."

Amalume anatola zidutswazo, anazipinda bwinobwino, n'kupita nazo kunyumba. Kuyambira pamenepo ankangokhala pansi pa mtengo wa nimu, osapitanso ku thamanda. Mvula isanagwe anati akukafuna ntchito ku Tete. Anatiimbira foni kamodzi, kenako nambala yawo inasiya kugwira. Thabwa linatsala, ndipo bambo ankayanikapo milamba mpaka linasweka ndi dzuwa.

Ndinawakwiyira bambo kwa nthawi yaitali. Lero ndili ndi ana anga, ndipo ndikudziwa kuti chikwanje chija nanenso ndikanachigwira. Koma mtima sunakhazikikebe. Bambo anaika moyo wawo pachiswe kuti apulumutse mlamu wawo, ndipo tsiku lomwelo anamulanda chinthu chokhacho chimene ankachidziwa kuposa wina aliyense m'mudzimo. Ndinaphunzira kuti munthu ungamutulutse m'madzi ali moyo n'kumutayabe, ngati sunamusiyire pena poti aime ngati munthu. Palibe mmodzi wa ife amene anaganiza zowafunira malo otero. Amayi anakalamba akufunsa aliyense wochokera ku Mozambiki ngati anakumanako ndi munthu wamtali wotchedwa Zeka.