Dikirani Ndibwere

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene madzi osefukira anakokolola mpunga wathu ku Bwanje. Sindinafunse munthu. Mayi ndi malume anali atamwalira kale, choncho mwini mbumba pakhomo ndinali ine, koma zimenezo ndinkaziona ngati za anthu a imvi. Achemwali anga aEsinati anandiperekeza mpaka pamsewu pa Golomoti atandisenzera chikwama. Minibasi itaima anandifunsa kuti, "Nanga mukutisiyira ndani?" Ndinaseka n'kuloza amuna awo, alamu anga aLufeyo, amene anali nafe pomwepo.

Ku Joni ndinakhala zaka zinayi ndikusamalira maluwa pakhomo pa mzungu wina. Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa galaja, ndipo sabata inkatha osayankhulapo Chichewa ndi munthu. Ndalama ndinkatumiza, n'kumadzinamiza kuti udindo wanga wathera pomwepo. Mumtima ndinkati kumudzi anandiiwala kale.

Tsiku lina masana alamu anaimba ndili pamakwerero, ndikusadza mpanda.

"Alamu, achemwali anu mimba ikutupa, koma si pakati ayi. Kuchipatala awaunika, akuti muli chotupa, pakufunika opaleshoni. Akufuna wosayina."

"Sayinani inuyo, si akazi anu?"

"Ine ndine mkamwini, wobwera. Akakapanda kudzuka, ndidzati chiyani kwa eni mbumba?"

Bwana ankandiyang'ana pawindo. "Chabwino, dikirani ndibwere," ndinatero, n'kudula foni. Mawuwo ndinangowanena kuti nkhani ithe.

Panapita miyezi isanu ndi iwiri. Masiku a m'pasipoti anali atatha, ndipo ndinkaopa kuti ndikatuluka ntchito ipita kwa wina. Ndikaimba, achemwali ankangoti, "Tilipo, kaya inu." Za chotupa sindinkafunsa, chifukwa yankho ndinkaliopa. Ndinkadziuza kuti zikafika poipa apita okha. Kenako mnzanga wa ku Mtakataka ananditumizira chithunzi cha ukwati pafoni. Kumapeto kwa chithunzicho kunali mayi atakhala pansi, manja ngati bango, mimba itatupa kwambiri. Ndinawazindikira chifukwa cha chitenje chimene ndinatumiza ndekha.

Ndinafika kumudzi mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Anthu ankandilonjera motsitsa mawu ngati pamaliro. Achemwali ndinawapeza atagona pamphasa pansi pa mtengo wa mango. Sanandikalipire. Anangoti, "Mwafika achimwene? Ndiye mawa tipite."

Dokotala anatsegula buku lawo la kuchipatala, n'kuyang'ana deti limene anawaunika koyamba. Kenako anatembenukira kwa ife.

"Miyezi yonseyi munali kuti?"

Alamu anayang'ana pansi. Ndinayankha ndine, kuti ankadikira ine.

"Mayiwa ndi munthu wamkulu. Akanatha kudinda chala okha tsiku lomwelo."

Namwino anawapaka inki, pepala lili patsogolo pawo, koma chala chinaima m'malere. Achemwali ankayang'ana ine. Anadinda nditagwedeza mutu, ndipo ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire.

Magazi awo anali ochepa, choncho ine ndi alamu tinapereka athu. Anatiuza kuti kuyambira madzulo asadye kanthu, ngakhale madzi asamwe. M'mawa mwake ali pabedi la matayala, milomo itang'ambika, anandipempha kuti ndiwadonthezere madzi pang'ono chabe. Botolo linali m'manja mwanga. Ndinawakana, n'kulibisa kumbuyo, ndipo chitseko cha chipinda cha opaleshoni chinatsekedwa akundiyang'anabe.

Anadzuka. Bala linali lalitali, kuchokera pamchombo kutsika. Tsiku lotsatira namwino anawayendetsa pang'onopang'ono m'khonde, n'kutilangiza kuti pabala pasanyowe, asasinje, asasenze ndowa kapena kugwira khasu kwa miyezi itatu. Koma dokotala anatiitanira pambali ine ndi alamu. Anati chotupa chatuluka, koma chinali chitamatirira kumatumbo, ndiye kachidutswa atumiza ku Lilongwe kuti akakayeze.

"Mukanabwera nthawi ija ndikanakuuzani kuti zatha," anatero. "Lero sindinganene."

Tsopano patha masabata asanu tili kumudzi. Madzi ndimatunga ndine panjinga, amayi a pamjigo n'kumandiseka kuti wa ku Joni wasanduka mtengwa. Bala likupola, koma achemwali sakunenepa, ndipo phala amasiyira pakati. Zotsatira sizinabwere. Foni ya alamu ikalira, tonse timasiya zimene tikuchita.

Bwana analemba kuti ndikapanda kufika pakutha pa mwezi alemba wina. Dzulo m'mawa ndinalongedza chikwama, n'kukakhala pafupi ndi mphasa ya achemwali. Ndinawauza momveka bwino, alamu akumva, kuti thupi ndi lawo, chala ndi chawo.

"Adokotala akanena kuti abwerezenso opaleshoni, mupite tsiku lomwelo. Musadikirenso ine."

Anandiyang'ana monga anandiyang'anira ali ndi inki pachala.

"Ndiye tidikire ndani, achimwene?"

Zaka zinayi ndinkati anandiiwala, chonsecho malo anga anangowasiya osakhalapo munthu, mpaka wina anatsala pang'ono kufera pomwepo. Minibasi ya ku Lilongwe ndinaimva ikuimba hutala kumsewu. Ndinanyamula chikwama n'kukachibweza m'nyumba.