Chaka Chonse Ndinanyamula Chishango cha Taegyun

Anzanga, ambiri mwakhala mukundifunsa chifukwa chake dzina la Taegyun silikuonekanso pambali pa langa mu gemu. Lero ndikuuzani, kenako musandifunsenso.

Tinakumana Loweruka lina masana mu PC bang, nyumba yosewerera magemu pa makompyuta olipira, yapafupi ndi yunivesite yathu kuno ku Daegu. Ndinali pa kompyuta yapakona, ramyeon yanga, mbale ya manudozi a msuzi, ikuzizira pambali, ndikugwetsa maloboti ndi mfuti yakutali. Nthawi imeneyo ndinali dolo, ndisaname. Chipolopolo chimodzi, mutu umodzi.

Mnyamata wa pampando woyandikana nane anavula mahedifoni.

"Pepani, ndinu Dasom uja dzina lake lili pamwamba pa bolodi la kalabu ya magemu?"

"Ngati mukufuna kundiphunzitsa kusewera, mzere wake ndi wautali," ndinatero osamuyang'ana n'komwe.

Anaseka. "Ayi ndithu. Mnzanga wandithawa. Tingayeseko awiri?"

Tinayesa, tonse titatenga mfuti zakutali, ndipo tinafa pasanathe mphindi zitatu. Amene mumasewera gemu ya awiriawiriyi mukudziwa. Mfuti yakutali imagwetsa zimphona, koma ukamaikamo zipolopolo zina, timaloboti ting'onoting'ono timakuunjirira. Pamafunika wina wa chishango ndi kamfuti kapafupi, woima kutsogolo n'kumalandira zibakera zonse.

"Mmodzi wa ife asiye mfuti yakutali," Taegyun anatero, nkhope ili yomvetsa chisoni. "Ine chishango chimandikanika..."

"Lero lokha," ndinatero.

Lero lokhalo linakhala chaka chathunthu.

Tinapambana masana amenewo, tinakadya tteokbokki, timikate ta mpunga ta tsabola tija, anandiperekeza pa basi... zinazo mukudziwa kale. Pofika nyengo ya maluwa ndinali nditayamba kumuitana oppa, monga atsikana kuno amaitanira mchimwene kapena chibwenzi, poti anali wamkulu kwa ine ndi zaka ziwiri. Ndinamukonda, anzanga, ndinamukonda zenizeni. Ndinadziwa mpaka kapumidwe kake. Akangokoka mpweya ndinkadziwa kuti zipolopolo zamuthera, ndipo ndinkalumphira kutsogolo iye asanatsegule pakamwa.

"Dasom, iwe ndi ine palibe angatigwetse!" ankakuwa choncho mpaka anthu kumatembenuka.

Koma bolodi limawerenga adani amene wapha basi. Zimene wateteza sililemba. Dzina lake linkakwera, langa likutsika.

"Oppa, tizisinthana, ngakhale kamodzi pa sabata."

"Ukufuna tizigonja? Manambala amenewo ndi a tonse awiri, aliyense akudziwa."

Ndinamukhulupirira.

Kenako kalabu inalengeza kuti itumiza anthu awiri kumpikisano wa mayunivesite ku Busan. Wokhala pamwamba pa bolodi ndiye asankhe yekha mnzake. Pamwamba panali Taegyun. Ine ndinali pa nambala 14, koma sindinade nkhawa. Ndinali nditawauza kale amayi kuti ndikupita.

Tsiku losankha tinadzaza chipinda cha kalabu. Mtsogoleri wathu anafunsa, "Taegyun, upita ndi ndani?"

Sanayang'ane ine. Anayang'ana bolodi.

"Miryeong."

Miryeong anali mtsikana wa pa nambala 2, katswiri wa mfuti yakutali. Anthu anawomba m'manja. Inenso ndinawomba, chifukwa ndinasowa pobisa manja.

Ndinamupeza pamasitepe.

"Oppa, chaka chonse ndakhala ndikufa m'malo mwako."

"Usakuze nkhani, Dasom. Anthu akanati ndasankha chibwenzi. Taona wekha manambala ako."

"Manambala angawo anadya ndani?"

Anangoyang'ana foni yake. Basi yake inali itatsala pang'ono kufika, akuti.

Ndinapita ndekha ku PC bang ija, ndinasankha mfuti yakutali, ndili ndi ukali wofuna kuonetsa dziko lonse. Pa zipolopolo khumi ndinaphonya zisanu ndi ziwiri. Chala chinkachedwa, thupi likungofuna kuthamangira kutsogolo kukatchinga munthu yemwe panalibe. Apa ndi pamene ndinalira, osati pamasitepe paja. Ndinalirira manja anga.

Masabata awiri sanandiimbire. Ndinkangomva kwa ena kuti zoyeserera zawo sizikuyenda. Miryeong anakana chishango pamaso pa aliyense. "Ine sindinabwere kudzakhala khoma la munthu," anatero. Mfuti zakutali ziwiri, kugonja tsiku ndi tsiku. Mtsikana ameneyo sindimudana naye ngakhale pang'ono. Anangonena mawu amene ine ndinalephera kunena.

Kutatsala masiku anayi kuti apite, ndikutuluka m'kalasi, ndinamupeza Taegyun ataima pakhomo ndi makapu awiri a khofi. Anali ataonda. Mtima wanga wopusawu unadumpha, sindibisa.

"Ndinalakwitsa, Dasom."

"Unalakwitsa chiyani?"

"Miryeong satha kutchinga. Ndalankhula ndi mtsogoleri, akuti dzina likhoza kusinthidwa mpaka mawa. Palibe amagwira chishango ngati iwe."

Ndinalandira khofi uja, ndikudikira mawu ena. Sanabwere.

"Nanga nditati ndipita, koma mfuti yakutali ndigwira ine?"

"Aaa, Dasom! Ino si nthawi yoyesera zinthu."

"Oppa, ndiuze chimodzi. Wabwerera ine, kapena wabwerera chishango?"

Anakanda m'mutu. Sanakwiye, sanaseke. Ankaganiza zenizeni.

"Zimasiyana kodi?"

Anzanga, akanandinamiza, bwenzi nditapita ku Busan. Ndinali wokonzeka kunamizidwa, ndinkachita kufuna. Ndinamubwezera kapu yake isanamwedwe, n'kutsika masitepe.

Mukamadzichepetsa chifukwa cha munthu, muziyang'anitsitsa ngati akuona kuti mwadzichepetsa. Ena amangoyesa kuti ndi mmene munabadwira.

Chimandipweteka mpaka lero n'chakuti sankandinyoza ayi. Ankafunsa moona mtima, chifukwa yankho lake sankalidziwa.