Chithunzi chozizira cha mayi Kapito

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa chodziwa kugwira laputopu basi. Nditalemba mayeso a Fomu 4 ndinakhala pakhomo ku Mbombwe mpaka anthu anatopa kundifunsa za koleji. Kenako msuweni wanga anandiuza kuti kabungwe kena kakufuna mtsikana wojambula amayi ndi kamera yoona kutentha kwa thupi, pofufuza khansa ya m'mawere. Ndinapita, ananditenga.

Kamera tinkaiimika pa miyendo yake itatu n'kuilumikiza ku laputopu. Mayi ankalowa kuseri kwa nsalu, kuvula bulauzi, n'kukhala kaye kuti thupi lizizire, osagwira mawere. Akatero ankaika manja pamutu, ine n'kujambula kutsogolo ndi m'mbali. Potentha pankatuluka pofiira, pozizira pa buluu. Akachoka kwa ine ankapita kwa anesi, mayi Makwinja, amene ankapima mawere ndi manja. Tsiku loyamba lomwe iwo anandiuza kuti, "Kamerayi imaona kutentha, mwana wanga, siiona khansa."

Ine ndinamva, koma amayi ankamva zawo. Kwathu kuno munthu akadwala timati thupi latentha, ndipo ukagwira mwana pamphumi n'kupeza pozizira, mtima umakhala m'malo. Ndiye mbiri inafala yoti kwabwera makina oona moto wa matenda.

Tsiku limene linandifoola tinali ku Ndunde, nyengo ya dzuwa, m'chipinda cha malata. Magetsi anathima, fani n'kuima. Amayi ankafika pa kabaza, ena wapansi, ana kumsana, thukuta lili chuchuchu. Ambiri anali oyamwitsa, ndipo bere la mkaka limatentha palokha. Zithunzi zinkangotuluka zofiira psuu. Aliyense akasuzumira pa laputopu ankagwira pamtima, wina analira kumene. Ine kufotokoza zomwezomwezo mpaka mawu anasasa.

Masana kunalowa mayi Kapito, achikulire ndithu, olima tomato. M'mawa wonse anakhala pamthunzi wa mango akuseketsa anzawo. Chithunzi chawo chinatuluka cha buluu mbali zonse ziwiri. Anaomba m'manja, nanenso ndinapumirako. Koma mayi Makwinja atawapima anapeza kachotupa kolimba ngati nzama kubere lakumanzere. Anawauza kuti apite kuchipatala chachikulu akawaunike, akachotseko kanyama kokapima.

Mayi Kapito anapukusa mutu. "Asisitala, makina anu omwewa anena kuti ndine wozizira. Sikapweteka, sikatentha. Ndikatani kumeneko, tomato akupsa kudimba?"

Mayi Makwinja anakhala nawo pansi. Anawafotokozera kuti chotupa chikhoza kukhala mkati osatulutsa kutentha kulikonse, ndiponso kuti khansa ikamayamba nthawi zambiri siipweteka. Nane ndinalankhula, ndinachita kuwapempha. Iwo ankangoloza laputopu. Dzanja la munthu analidziwa kale, makinawo ndiwo anali achilendo, ndipo anali atawauza zimene ankafuna kumva. Anatulutsa kafoni kawo n'kujambula chithunzi chija kuti akaonetse amuna awo. Anatsanzika mwaulemu, n'kukwera kabaza.

Kuyambira tsiku limenelo mayi Makwinja analamula kuti laputopu iziyang'ana kukhoma, ndipo kupima ndi manja kuziyamba. Kwa mayi Kapito anatumako uthenga kangapo, yankho linali loti ali bwino. Mvula itagwa ntchito ija inatha, ndipo kunena zoona sindinadandaule. Ndinali nditatopa ndi mitundu iwiri ija.

Patapita nthawi ndinaperekeza amayi anga kuchipatala, ndipo pabenchi ndinaona mayi woonda, mkono wakumanzere uli wotupa, atafunda chitenje paphewa. Anali mayi Kapito, ndipo ndi iwo amene anayamba kundizindikira. Ndinaganiza kuti andikalipira, koma anandisendera malo kuti ndikhale. Anapapasa m'chikwama ndi dzanja limodzi n'kutulutsa kafoni kaja. Chithunzi chinali chikadali momwemo.

"Taonani, mwana wanga, mmene ndinalili bwino," anatero.

Ndinangoyang'ana buluu uja.

Lero ndimagwira ntchito ina, koma ndikamva mayi akunena kuti kachotupa kake sikapweteka, sikatentha, sindilimbana naye zambiri. Ndimangomufunsa tsiku limene ali ndi mpata, n'kumuperekeza ndekha kuchipatala.