Khutu la Kabatani

Amake Kabatani ndi telala wa pakhonde, wa makina akuda opalasa ndi phazi aja. Mukawapeza m'mawa, mapini ali pakamwa, tepi ili m'khosi, maso ali kutali ngati akuwerenga mitambo. Mwanayo dzina lenileni ali nalo, koma anabadwa wochepa, nkhope yozungulira, ndiye makasitomala anangoti Kabatani, basi dzina n'kukakamira.

Kabatani anabadwa wosamva. Amake anazindikira ali ndi miyezi isanu ndi itatu, tsiku limene chitini cha mabatani chinagwa pasimenti mpaka galu wa aneba kuthawa, mwana ali phee kuyang'ana ulusi wofiira. Kuyambira pamenepo awiriwa anapanga chilankhulo chawochawo. Kukoka khutu kunali "bwera", kusisita tsaya kunali "wakongola". Zaka zitatu zinatha choncho, ndipo pang'ono ndi pang'ono, osadziwa n'komwe, mayiyu analeka kulankhula ndi mwana wake pakamwa. Akanalankhuliranji?

Kenako madokotala anamuchita mwana uja opaleshoni kuseri kwa khutu, n'kuikamo kachipangizo kothandiza kumva pansi pa khungu. Patatha mwezi, bala litapola, anabwerera kuchipatala kuti akakayatse. Mwezi wonsewo amake ankapalasa makina akulota ali maso. Ankadziona akumuitana, mwana n'kumwetulira, n'kuthamangira m'manja mwawo. Mawu oyamba anawasankha, kuwasintha, kuwasankhanso ngati nsalu ya ukwati.

Chipinda cha kuchipatalako chinali chaching'ono, makatani obiriwira, zidole mudengu, kompyuta patebulo. Dokotala wa makutu, mayi wamagalasi wosapupuluma, anakoleka kanthu kukhutu kwa mwana, kena kozungulira n'kukakamira pamutu ndi maginito. Anadina pakompyuta. Kabatani anasiya chidole, maso tong'o.

"Mayi, nthawi yanu ino," anatero dokotala. "Muitaneni."

Amake Kabatani anakweza dzanja n'kudzikoka khutu.

"Ayi mayi, ndi pakamwa."

Abale inu, manyazi ake! Mawu onse osankhidwa aja anabalalika. Chimene chinatuluka ndi kaliwu kosasa, konjenjemera: "Kabatani." Mwana anakuwa, kuzula chinthu chija, n'kubisa nkhope m'siketi ya amake.

"Musadandaule, ambiri amatero," anatero dokotala. "Panopa kwa iye chilichonse ndi phokoso, sakudziwa kuti ili ndi liwu la amake, ichi ndi chitseko. Azivala tsiku lonse. Akapanda kuzolowera akadali wamng'ono chonchi, kudzavuta kuti adzalankhule."

Amake anagwedeza mutu, koma mumtima anatola chimodzi chokha: liwu lawo ndi limene linaliza mwana. Zinawapweteka kwambiri, ndipo sanauze munthu.

Kunyumba Kabatani ankangoti akamuveka, wavula. Lero achipeza mu nsapato, mawa m'thumba la jekete la kasitomala. Ndiye amake anaganiza nzeru yawo, nzeru ya chikondi koma yopanda mutu. Poti phokoso likumuopsa, tichotse phokoso. Makina anawafunditsa nsalu. Anayamba kusoka pamanja, telala wathunthu kulimbana ndi suti ndi kasingano! Chitseko anachithira mafuta, makasitomala ankauzidwa kuti azinong'ona, iwo eni akuyenda monyang'ama. Mwana analekadi kuvula.

Khonde lija linasanduka malo a tulo. Dzuwa linkalowa chammbali, tifumbi ta nsalu tikuyandama m'kuwalako, Kabatani akutitsatira ndi chala. Amake ankamuyang'ana n'kumadzifunsa: kodi mmenemo akumvamo chiyani? Kapena akuganiza kuti kuwala nako kumalira? Kapena mtundu uliwonse wa ulusi uli ndi liwu lake? Ankalota choncho mpaka singano kuima, koma dzina la mwana sanalitchulenso.

Patatha milungu iwiri, atabwereranso kuchipatala, dokotala anayang'ana pakompyuta, anavula magalasi, n'kuwayang'ana mayi aja.

"Akuvala bwino ndithu. Koma kompyutayi ikuonetsa kuti komwe amakhalako kuli zii. Mayi, kwanuko kumakhala anthu?"

Amake anafotokoza zonse, monyadira pang'ono. Dokotala anagwira pakamwa.

"Koma inu! Ife tamupatsa khutu, inu mwakabisa mawu onse? Ndiye aphunzira kumva chiyani, mithunzi? Kapalaseni makina anuwo, ndipo muzimulankhula mpaka kukhosi kuume."

Mawa lake makina analiranso. Kabatani anadzidzimuka, analira pang'ono, kenako anakhala pansi chofulatira, kumasanja tizidutswa ta nsalu. Amake anayamba kulankhula ndi msana wake, mwamanyazi, ngati mlendo. "Iyi ndi sizasi. Uwu ndi ulusi. Akubwera apowa ndi aphunzitsi, diresi lawo sitinamalize." Msana uja unali zii. Tsiku linapita, lina, mlungu, mwezi. Galimoto ikadutsa mwana ankaphethira, chitseko chikamenyeka ankanjenjemera, koma liwu la amake linkangodutsa ngati mphepo. Mantha anawagwira zenizeni, kuti mwina adzamva zonse za m'dziko kupatula iwo.

M'mawa wina aphunzitsi aja anakhala pabenchi kudikira diresi lawo lachikasu. Amake Kabatani akupinda m'munsi mwa diresilo, phazi likupalasa lokha, maganizo anawathawa. Ankaona mwana wawo atakula, atavala yunifolomu, akukangana ndi anzake pamsewu, wolongolola mpaka anthu kutseka makutu. Ali mkati momwetulira, singano ya makina inalowa pachala.

"Mayo ine!"

Kabatani anatembenuka. Sanayang'ane makina, sanayang'ane aphunzitsi. Anayang'ana pakamwa pa amake, nsidze zitakwera, kachidutswa ka nsalu kali m'manja.

"Atelala, magazi! Diresi langa!" anakuwa aphunzitsi.

Amake sanawamve n'komwe. Anangodikira, chala chikudontha. Mwana anawayang'ana kanthawi, kenako anabwerera ku tinsalu take. Mwina zinangochitika mwangozi. Mwina waona chithunzithunzi chabe. Amake anapanikiza manja onse awiri pamiyendo kuti manjawo asayerekeze kuyankhula okha, n'kuitana motsitsa, monga mayi aliyense amaitanira mwana wake.

"Kabatani."

Mwana anatembenukanso.