Tsiku limene Sitandade 7 inaponya mwana wanga m'chitsime

Ndiyambe ndi kukutsimikizirani kuti Takondwa ali bwino. Akuyamwa, akukwawa, mano ayamba kutuluka. Ndikunena izi chifukwa Lachitatu lapitali ana a Sitandade 7 anamuponya m'chitsime, ine mayi wake ndili kalikiliki kulemba pa bolodi.

Ku koleji anatiphunzitsa kuti nkhani yaifupi imafuna pulani: munthu, malo, vuto, kenako mathero. Ndiye pa sukulu yathu kuno ku Mitundu ndinati tipangire limodzi pulani imodzi, aliyense asanalembe yake.

"Tisankhe munthu amene tonse tikumudziwa," ndinatero.

"Takondwa!" inayankha kalasi yonse. Amamudziwa chifukwa apongozi anga amabwera naye pa buleki kuti ndimuyamwitse. Ndinamva kukoma. Dzinalo ndinalilemba ndi zilembo zikuluzikulu.

Malo tinagwirizana kuti ndi kudimba. "Tsopano timupatse vuto."

Abale inu! Ana amene nthawi ya masamu amakhala duu ngati ali pamaliro, manja onse m'mwamba.

"Imulume njoka!"

"Imugunde njinga ya makala yochokera ku Dzalanyama!"

"Njoka n'zachikale," anatero Yamikani, mtalimtali wa kumbuyo. "Agwere m'chitsime, Madamu. Chakuya chija."

Anavota. Ndine ndemwe ndinawaphunzitsa kuvota.

Dziwani kuti ine ndine mayi amene mwana akagonetsa ndimamuika chala pamphuno kuti ndione ngati akupuma. Ndinathamangirapo naye kuchipatala chifukwa choyetsemula. Koma satifiketi ya uphunzitsi ndi satifiketi. Ndinalemba: Takondwa wagwera m'chitsime.

Potembenuka, apongozi ali pazenera, mwana kumbuyo. Amadziwa kuwerenga.

"Amake Takondwa, mwalembazo ndi chiyani?"

"Ndi nkhani yongopeka, amayi."

"Chopeka n'chiti pamenepo? Dzinalo? Chitsimecho si cha kudimba kwa a Nabanda, chopanda chivundikiro chija? Pakamwa pamalenga, inu. Mwana sindikupatsani mpaka mumutulutsemo."

Belu linalira. Takondwa nayenso anayamba kulira, ndipo amayi anzanga mukudziwa zimene zimachitikira bulauzi mwana akalira.

"Palibe wotuluka!" ndinakuwa. "Mathero!"

Manja aja onse analowa pansi pa desiki.

Kenako Chisomo, mtsikana waulemu wa kwaya, anaimirira. "Angomwalira basi, Madamu, kuti anthu atengerepo phunziro."

"Phunziro lanji?"

"Loti azimayi asamasiye ana n'kumapita kuntchito."

Pazenera panamveka "mhm" wautali.

Yamikani anayesa kundithandiza. "Adzidzimuke, Madamu. Anali maloto."

"Maloto otero ndiye oipitsitsa," anakana apongozi. "Mutulutseni ndi manja."

Tinavutika. Wina anati abwere mngelo, wina helikopita. Pomaliza Tadala, amene chaka chonse sindinamumvepo mawu, ananena chapansipansi kuti mayi wina akuthirira tomato wamva kulira. Waitana anzake, alumikiza zitenje zawo, wina watsikira m'chitsimemo anzake atagwira.

"Zitenjezo zikhale zatsopano, zakale zimang'ambika," anawonjezera apongozi. Ndinalemba zimenezonso. Atawerenga mpaka mawu omaliza, anamasula mwana n'kundipatsira pazenera pomwepo.

Ndikuyamwitsa pansi pa mtengo, funso linandigwira. Ana amenewa anaphunzira kwa yani luso loponya munthu m'dzenje, koma osadziwa kumutulutsa?

Si kwa ife kodi? Tamverani nkhani zathu kuchigayo, m'minibasi ya ku Nathenje, pa magulu a pafoni. Uje fodya wake wabwezedwa ku okushoni. Mwana wa uje watenga mimba ali Fomu 2. Timafotokoza mokoma mpaka pamene munthu wagwera, n'kuikapo phunziro ngati chivundikiro, basi tabalalika. Timati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, koma timanena tikuseka, poganiza kuti mawalo ndi la wina.

Ine ndinafuna mathero abwino chifukwa dzina la pa bolodi linali la mwana wanga. Likanakhala la mwana wa a Nabanda, mwina ndikanapatsa Chisomo malikisi onse, n'kulemba kuti waganiza mozama.

Nanga inu, munthu amene mwamukamba sabata ino, nkhani yake munaisiyira pati? Alipo amene anavula chitenje?