Mphini Zoletsa Zipolopolo

Linali Lachiwiri. Amayi ankayanika chinangwa pamphasa, ine ndikuingitsa nkhuku. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, kwathu ku Mozambiki.

Mwezi umenewo amuna a m'mudzi anali atatemera mphini pachifuwa. Sing'anga anati chipolopolo chikakhudza munthu wotemera chimasanduka madzi, bola asathawe, asacheuke. Bambo anali ndi mphini zisanu ndi ziwiri. Anandilola kuziwerenga ndi chala.

Asilikali anabwera pa galimoto imodzi yokha. Amuna athu anali ochuluka kwambiri kuposa iwo. Ine ndinkadziwa kuti ochuluka ndiwo amapambana.

"Bambo a Rosa, tiyeni," anatero amayi, powaitana ndi dzina langa. "Mkondo wanuwo ndi wa nguluwe."

"Ndikathawa mankhwala asukuluka. Tsogolani, ndikupezani kumtsinje."

Tili pachitunda ndinayang'ana kumudzi. Amuna ankayenda pamzere akuimba, atamanga nsalu zofiira kumutu. Pamwamba pa galimoto panali mfuti ya miyendo, lamba wa zipolopolo akulendewera. Munthu wakutsogolo anagwa. Kulira kwa mfuti kunandipeza pambuyo pake.

Zimenezi zinandizunguza zaka zambiri. Munthu angagwe bwanji mfuti isanalire? Chaka chino, ku Fomu 3, ndinafunsa aphunzitsi a sayansi. Anati chipolopolo chimathamanga kuposa phokoso lake. Ndinawafunsa za mkondo. Anati umafika pomwe pathera mphamvu ya mkono. Ndinalemba zonse ziwiri m'kope.

Kumtsinje tinadikira mpaka dzuwa linapendeka. Anafika amuna atatu. Mmodzi anati amene agwa ndi amene anacheuka. Ndinayang'ana mikondo yawo. Inali yoyera, monga anainolera m'mawa.

Tinayenda masiku anayi kulowera ku Malawi. Amayi anali oyembekezera, ndipo ankapuma pansi pa mtengo uliwonse wa mango. Ku Luchenza wakabaza wina anawakweza panjinga, ine ndikuthamanga pambuyo.

Azakhali, mlongo wawo wa bambo, amathyola tiyi pa esiteti kuno ku Thyolo. Tinawapeza m'munda, dengu lili kumsana. Ndinali ndisanaonepo masamba obiriwira ochuluka chotero. Anatiyang'ana, kenako anayang'ana msewu kumbuyo kwathu nthawi yaitali. Anatula dengu nalandira mtolo wa amayi.

Bambo sanatipeze. Mlongo wanga anabadwa mvula itayamba. Azakhali amati mwanayo amayenda ngati bambo, mapazi akuloza kunja.